Nkhadze za amayi pansi pa mchenga

Chaka chimene namondwe anatigumulira phiri ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo mumtima ndinkafuna kuchoka pamudzi pathu. Sindinauzepo munthu. Dzina langa ndine Felista, koma pamudzi amanditchula Nachete chifukwa pakamwa panga sipatsegukatseguka. Amayi anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, abambo sindiwadziwa. Anandilera ndi anganga, amene anabereka amayi anga. Chimene amayi anatisiyira ndi munda umodzi kufupi ndi mtsinje, ndi mpanda wa nkhadze umene anabzala okha m'malire.

Okutobala

Dzuwa la mwezi umenewo linkaotcha ngakhale pamthunzi. Tinkagalauza mizere m'mamawa, ine kutsogolo, anganga m'mbuyo ndi khasu lawo laling'ono, chifukwa maondo awo anali otupa ndi nyamakazi.

Kuseri kwa nkhadze, chakumtsinje, kunali munda wa amayi aang'ono, amake Lonjezo, mwana wa mng'ono wawo wa anganga. Amuna awo, a Makwinja, ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula. Ankatha kukafika ku Chambe ndi kubwerako tsiku lomwelo. Kwa iwo anganga anali apongozi, choncho sankayandikana kapena kuyang'anana kumaso. Ankayankhulana nkhadze zili pakati, a Makwinja atanjuta, nkhope atalozetsa kumbali.

"Apongozi, nkhadze zanuzi zimayenda. Chaka chilichonse zikundidyera mzere umodzi."

"Nkhadze zilibe miyendo, a Makwinja. Lili ndi miyendo ndi khasu lanulo."

Ankaseka onse awiri, aliyense akuyang'ana kwake.

Mwezi womwewo pamudzi panakhazikitsidwa komiti ya ngozi. Wapampando anasankhidwa mayi Chikopa, othyola tiyi ku esiteti, chifukwa mawu awo amamveka mpaka kutsidya. Anawapatsa wezulo ndi chimkuzamawu. Pamtsinje anazika mtengo wopaka utoto, pansi wobiriwira, pakati wachikasu, pamwamba wofiira. Anati madzi akafika pofiira wezulo ilire, tonse tithawire kusukulu ya pachitunda. Ine anandipatsa ntchito yoyang'ana mtengowo tsiku ndi tsiku.

"Nachete sayankhula, koma maso ali nawo," anatero mayi Chikopa.

Kenako anatenga kope nkuyamba kulemba okalamba ndi olumala, aliyense ndi womunyamula wake. Atafika pa dzina la anganga, a Makwinja anakweza mkono.

"Ine ndinatsitsapo mzungu wothyoka mwendo kuchokera ku Chambe. Apongozi ndi kachikwama ka m'manja."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Anganga sanaseke.

"Ine pamsana pa mkamwini? Bola madziwo anditenge."

Tsiku loyeserera kuthawa anthu anathamanga akuseka, ena atabereka anzawo amiyendo yabwinobwino. Anganga anadzitsekera m'nyumba.

Novembala ndi Disembala

Mvula yobzalira inabwera bwino. Tinabzala chimanga ndi nandolo, kalongonda, nyemba zoyanga zija, tinamuyika m'mbali mwa nkhadze kuti ayangire pamenepo. Feteleza sitinamuone, tinathira manyowa a mbuzi za eni ake amene ndinkatola m'njira. Chimanga chinamera chachikasu pang'ono koma chinamera.

Pafupi ndi Khirisimasi amayi aang'ono anachira mwana wamkazi. Tsiku lomwe anatuluka m'chikuta, mnzanga wina amene ndinaphunzira naye anabwera kuchokera ku Limbe atavala nsapato zotseka. Anati kuli banja likufuna mtsikana wantchito. Ndinawauza anganga ngati nkhani ya munthu wina. Anangondifunsa kuti, "Nanga madzi adzanditungira ndani?" Nkhaniyo inathera pamenepo.

Januwale ndi Febuluwale

Ufa unatha Januwale asanafike pakati. Ku Nkando mtengo wa chigoba cha chimanga unkasintha munthu ali pamzere. Ukafunsa m'mawa nkupita kukasaka ganyu, pobwera masana upeza wakwera. Anyamata a njinga obwera ndi matumba kuchokera ku Mozambiki ankawatsekereza mavenda panjira asanafike pamsika. Tinkagula madeya, tikawapeza.

Chinatisunga ndi kalongonda wa chaka chatha. Kalongonda safuna munthu wopupuluma. Umamuphika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, apo ayi amazunguza mutu. Mimba ikulira, mphika uli pamoto, koma sungatolemo ngakhale kamodzi. Nkhuni zinkatha msanga kuposa njala. Banja lina linadya wosapsa, ana anagona tsiku lonse akusanza.

Anthu anayamba kugulitsa zimene anali nazo. Wina mbuzi, wina wailesi, wina malata a khonde. A Makwinja alendo anawasowa chifukwa cha mvula, anayamba kupalira m'minda ya aphunzitsi. Ine m'mawa uliwonse ndinkatsikira kumtsinje kukaona mtengo uja. Madzi ankasewera pobiriwira, kawiri konse anakhudza pachikasu. Ndikatembenuka, phiri linali pomwepo pamwamba pa denga lathu, lakuda, mitambo itakhala pamutu pake. Ndinabadwira pansi pake koma sindinalizolowere.

Marichi

Chimanga chinali chitakhwimira mondokwa pamene wailesi inayamba kunena za namondwe wochokera kunyanja ya mchere. Mayi Chikopa anazungulira mudzi ndi chimkuzamawu mpaka mabatire anatha, kenako anapitiriza ndi pakamwa. Anthu ankamva koma osasuntha. Titagona ndi njala miyezi iwiri, tisiye mondokwa m'munda kuti akuba adye? Ena ankati Napolo, chinjoka cha m'phiri chimene akuluakulu amati chikamasamuka chimagumula miyala ndi madzi, chinadutsa kale kalekale ndipo sichibwerera njira imodzi.

Mvula inagwa masiku atatu osapuma. Makoma a nyumba anayamba kutuluka thukuta. Ndinamanga m'pepala la pulasitiki ziphaso zathu, mabuku a kuchipatala ndi kambewu ka nandolo, monga anatiphunzitsira a komiti.

Tsiku lachitatu m'mawa ndinatsikira kumtsinje. Mtengo wopaka utoto panalibe. Madzi sanadikire kufika pofiira, anangouzula wonse. Anali a matope, onunkha dothi la pansi, ndipo kumtunda kunkamveka ngati malole ambiri akukhuthula miyala. Ndinathamangira kwa mayi Chikopa. Tsiku limenelo ndinakuwa, mpaka iwo anadabwa kuti mawuwo ndi anga.

Wezulo italira ndinapeza anganga atakhala pamphasa, madzi akulowa pansi pa chitseko.

"Pita iwe. Ine ndifera m'nyumba mwanga."

Ndinawakoka mkono, sanasunthe. Anayamba kuyankhula Chilomwe, chimene amayankhula akakwiya kapena akachita mantha. Pamenepo pakhomo panada. Anali a Makwinja, atanyowa ngati nkhuku. Akazi awo ndi ana anali atawaperekeza kale kuchitunda. Analowa chafutambuyo, nkugwada pakati pa nyumba, nkhope ili kukhomo.

"Apongozi, kwerani. Ine sindikukuonani."

"A Makwinja, tulukani m'nyumba mwanga."

"Ndituluka nanu. Mukakana ndikhala pompano, ndiye mukawauze nokha ana anga kuti bambo awo anafera mwambo."

Anganga anayang'ana madzi amene ankalowa pansi pa chitseko. Kenako anavula chitenje chapamwamba nkuchiyala pamsana pa a Makwinja kuti thupi lisakhudze thupi, mpango wakumutu nkuutsitsira kumaso. Ndinawakweza. Tinadutsa madzi a m'chiuno, ine nditagwira lamba wa a Makwinja, kathumba kali pamutu. Titangofika pa mtengo wa mango umene uli pakati pa njira ya kusukulu, kumbuyo kwathu kunaphulika. Sindinacheuke. Titafika pachitunda ndi pamene ndinaona kuti mbali ya kumunsi ya mudzi kulibe. Bambo wina amene anabwerera kukamasula mbuzi sanapezeke mpaka lero.

Kusukulu tinakhala ngati nkhuku za m'chitatanga. Amayi m'kalasi imodzi, abambo m'kalasi ina. Mlatho unapita, njira ya ku Nkando inaduka. Masiku oyamba tinkadya mondokwa wokumba m'matope. Thandizo litayamba kufika linali ufa, soya ndi nyemba zosapsa msanga, kudya kamodzi patsiku. Mphekesera zinali zambiri kuposa chakudya. Ena ankati kukubwera namondwe wina wamkulu, ena ankati phiri lang'ambika kuseri ndipo likudikira mvula imodzi yokha. Anganga sankayankhula ndi munthu. Akaona a Makwinja akudutsa pawindo ankaphimba kumaso.

Epulo

Madzi ataphwa tinapita kukaona minda. Panalibe mzere, panalibe phesi. Mchenga woyera kuyambira kuphiri mpaka kumunsi, ndi miyala ina yaikulu ngati nyumba. Mtsinje unali utasiya njira yake nkudzera chakuno. Pa minda iwiri ija, wathu ndi wa amayi aang'ono, panatsala kachigawo kamodzi kopanda miyala. Nkhadze sizinkaoneka ngakhale imodzi.

A Makwinja anayenda uku ndi uku, nkuyamba kundandalika miyala kuzungulira kachigawoko.

"Apa ndi pathu. Wa apongozi ndi umene uli pansi pa miyalawo."

Ine ndinaima pamene ndinkaima m'mawa uliwonse, ndinayang'ana mpata wa phiri ndi chitsa cha mkuyu cha kutsidya. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti kachigawoko ndi ka amayi anga, ndipo munda wa a Makwinja ndi umene mtsinje ukuyendamo. Ndinatseka pakamwa.

Ndinali ndi chifukwa. Sabata imeneyo mayi Chikopa anali atalengeza kuti sukulu itsegulidwa, kampu yathu ya pasukulupo itsekedwa. Mabanja amene ataya nyumba ndi munda womwe alembedwa kuti akapatsidwe malo kutali ndi phiri. Amene munda wawatsalira apatsidwa khasu, pulasitiki yofolera ndi mbewu ya mbatata, abwerere.

"Kachigawo kaja ndi ka banja limodzi," anatero. "Eni ake atsala, enawo ndiwalemba. Mugwirizane nokha, ine si woweruza."

Nditawafotokozera anganga zimene a Makwinja anachita ndi miyala, anafunsa funso limodzi.

"Iwe waona bwanji, Feli?"

"Ndi mchenga wokhawokha, anganga. Sindinazindikire."

Aka kanali koyamba kuwanamiza.

"Munthu anandibereka pamsana, ndikakangane naye za malire? Ngati munda wa mwana wanga wapita, palibe chondisunga kuno. Kalembetse."

Mayi Chikopa analemba mayina athu ndi pensulo. Tsiku limenelo nyemba zosapsa zija ndinazimva kukoma.

Meyi

Otsala anayamba kukumba. Pamchenga sipamera kanthu, choncho munthu ankakumba dzenje mpaka apeze dothi lakuda lakale, nkulitulutsa pamwamba, nkuumba kamtumbira kobzalapo mbatata. Pena dothilo linali m'maondo, pena m'chiuno. Dzenje limodzi linkatha theka la tsiku.

"Pita ukawathandize a Makwinja kukumba," anatero anganga. "Tilibe china chowathokozera nacho tisanachoke."

Ndinapita masiku anayi. Tsiku lachisanu a Makwinja anapita kukadula mitengo ya chisakasa, ndinatsala ndekha. Ndinkakumba kumapeto kwenikweni kwa kachigawoko, m'mphepete mwa mtsinje watsopano. Nditafika m'chiuno khasu linagunda chinthu chofewa. Ndinafukula ndi manja. Chinali chitsa chobiriwira, chothyoka, ndipo pamene khasu linatema pankatuluka utomoni woyera ngati mkaka. Pambali pake panali china, kenako china, mumzere. Nkhadze za amayi zinali zamoyo pansi pa mchenga, ndipo zinkanena poyera kuti kuyambira pamenepo kubwera kuno konse ndi kwathu.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Kunalibe munthu. Ndinatuluka m'dzenjemo nkulikwirira msangamsanga, ndi khasu, ndi mapazi, mpaka pamwamba panafanana ndi pena paliponse. Thukuta linkatsikira m'maso. Ndinalipukuta ndi dzanja.

Mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti ukagwira nkhadze sugwira kumaso. Ine ndinakulira pa mpanda umenewo, koma tsiku limenelo ndinaiwala. Diso la kumanja linayaka ngati alithira tsabola ndi makala pamodzi. Ndinasamba mumtsinje, linangowonjezera. Pofika kusukulu linali litatupa ndi kutsekeka, misozi ikungoyenderera.

M'kalasi munali modzaza amayi akusankha nyemba. Anganga anandigwira chibwano, anayang'ana diso, kenako anatenga dzanja langa nkulinunkhiza. Zala zinali zomata.

"Amake Lonjezo! Bwera kuno ndi bere lako, msanga."

Mankhwala a utomoni wa nkhadze kwathu ndi mkaka wa m'mawere, ndipo woyamwitsa amene anali pafupi anali amayi aang'ono. Anapatsira mwana mnzawo, anandigoneka pamiyendo pawo, nkunditsegula chikope ndi zala. Mkaka unali wofunda. Dontho loyamba linawawa, lachiwiri linayamba kuziziritsa.

"Mtsikana wamkulu ngati iwe kuseweretsa nkhadze," anatero mayi wina akuseka. "Ukufuna ukafike kumalo atsopano ndi diso limodzi? Akakufunsira ndani?"

Ena anaseka nawo. Kenako kuseka kunazilala kokha. Mayi Chikopa ndi amene ananena chimene aliyense anali atayamba kuganiza.

"Koma nkhadze wazipeza kuti, Nachete? Chigwa chonsechi mulibe nkhadze yoimirira."

Ndinamva miyendo ya amayi aang'ono ikuuma pansi pa mutu wanga.

"Feli," anatero amayi aang'onowo motsitsa, "dzenje liti?"

Ndikanatha kunena kuti ndinazipeza zitakokoloka pamiyala. Koma diso langa lamanzere linali lotsegula, ndipo linkaona anganga. Nkhope yawo, imene inali yakufa kuyambira tsiku la madzi, inali itadzuka.

"La kumtsinje," ndinatero.

"Chitsa chimodzi?"

"Mzere wonse."

Amayi aang'ono sanandichotse pamiyendo pawo. Anapitiriza kufinya mkaka mpaka diso linatseguka, ndipo madontho ena amene ankandigwera patsaya sanali mkaka.

M'mawa mwake a Makwinja anafukula dzenje lija anthu akuonerera. Zitsa zitaonekera anakhala pamchenga kanthawi. Kenako anadzuka nkuyamba kuchotsa miyala yawo ija umodziumodzi, kuponya mumtsinje. Anganga anali atafika ndi ndodo, ataima patali. A Makwinja ananjuta, nkhope kumbali.

"Apongozi, nkhadze zanu sizinayende."

"Ndinakuuzani kuti zilibe miyendo," anayankha anganga. "Tigawane, a Makwinja. Mizere ingapo."

"Kachigawo aka sikangadyetse nyumba ziwiri. Tingofera pamodzi."

Anthu atabalalika a Makwinja anandipeza ndikutola khasu.

"Unkadziwa kuyambira tsiku loyamba, eti Nachete?"

"Inunso mumadziwa."

"Ine ndinkafuna kutsala. Makasitomala anga ali ku Likhubula, kumene tikupitako ndikanyamula ndani? Nanga iwe unkafuna chiyani?"

Ndinanyamula khasu langa nkubwerera kusukulu.

Juni

Mayi Chikopa anafufuta mayina athu ndi labala, pamalo pomwepo nkulemba a Makwinja, akazi awo ndi ana. Pepala linatsala lakuda pamene panali dzina langa.

Lole inabwera m'mawa kukuzizira, chiperoni chitaphimba phiri. Amayi aang'ono ankalira poyera, akuti akusiya manda a amayi awo. A Makwinja anakweza katundu wa mabanja onse, wawo ndi wa eni, chifukwa manja awo sadziwa kukhala. Pomaliza anapita kumene kunakhala anganga, anagwada chapatali monga kale. Anganga anawatumizira kudzera mwa ine kambewu ka nandolo kaja ndinapulumutsa m'pulasitiki, theka lake.

Ndinaima pamsewu mpaka fumbi linatha. Malo anga anali pa lole imeneyo, pafupi ndi thumba la ziwiya, ndinachita kuwaona.

Ogasiti

Tinamanga chisakasa pamene panali nyumba yathu, chifukwa malo ena tilibe. Mbatata ndinakumba mwezi umenewu. Zinali zing'onozing'ono ngati zala, zina zoboola ndi anankafumbwe, koma zinadzaza madengu angapo, ndipo masamba ake tinadya ngati ndiwo miyezi iwiri. Anganga ankazisenda pang'onopang'ono nkumati, "Za m'munda mwa mwana wanga." Nkhadze zinaphukira m'dzenje lija. Anandituma kuti ndidule nthambi ndi kubzala mzere wonse m'mphepete mwa mtsinje. Ndinabzala nditakulunga manja m'mapepala a shuga.

Za bodza langa sanandifunsepo. Tsiku lina akundithira mafuta m'mutu anangoti, "Diso lija linachira bwino," basi.

Okutobala

Komiti inazika mtengo wina pamtsinje, wautali kuposa woyamba, ndipo panopa anthu akamva wezulo saseka. Mayi Chikopa anatulutsa kope la okalamba. Atafika pa dzina la anganga, palibe amene anakweza mkono. Amuna amphamvu ena anapita pa lole, ena ku Mozambiki kukasaka ganyu, otsalawo aliyense anali ndi wake kale.

"Lembani ine," ndinatero.

Tsiku loyeserera anganga sanadzitsekere. Anatuluka okha, anavula chitenje kuti ayale pamsana panga, kenako anaseka nkuchivalanso.

"Ndaiwala. Iwe si mkamwini."

Ndinagwada, anakwera. Anali opepuka poyamba. Titadutsa pachigayo chakugwa miyendo inayamba kunjenjemera, mpweya unkandithera. Ndinalimbikira mpaka pa mtengo wa mango, pamenepo maondo anakana. Ndinawatsitsa pamuzu, tonse tikupumira m'mwamba. Sukulu inkaoneka pamwamba pa chitunda, kutali monga mmene tinachokera.

Anganga anayang'ana phiri, kenako anayang'ana kumwamba kumene mitambo yoyamba inali itayamba kusonkhana.

"Mawa tidzayesenso," anatero. "Mvula isanabwere ufike pa mpanda wa sukulu."

Chaka chimenecho ndinafika pa mjigo, mapazi makumi angapo kupitirira mango. Mpaka lero Okutobala aliyense timayeserera, ndipo pa mpanda wa sukulu sindinafikebe.